Mukugula kamera kapena nambala ya pabokosi?

Mwezi wathawu kunyumba kwanga kunabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira pa koleji ina mumzinda muno. Mwanayu akabwera amayambira kukhitchini kukavundukula mapoto, koma tsiku limeneli anangofikira pampando, kabokosi kali pamiyendo, nkhope ili ndwii ngati wabwera kudzanena maliro.

"Amalume, ndaluza," anatero.

M'kabokosimo munali kamera yaing'ono yonyezimira, yoti n'kulowa m'thumba la malaya. Pabokosi panali zilembo zikuluzikulu: 64MP, 4K, 16X ZOOM. Dzina la kampani yopanga panalibe, kutsogolo ngakhale kumbuyo. Mtsikanayu wakhala akugulitsa zovala za kaunjika kwa anzake ku hositelo chaka chathunthu, ndipo theka la phindu lake analithira pa kachinthu kameneka. Nzeru yake inali yabwino ndithu: azijambula anzake pa zinkhoswe, pa maphwando ndi pa tsiku lolandira madigiri, iwo azimupatsa kangachepe. Ntchito yoyamba inali chinkhoswe cha mnzake Loweruka madzulo. Zithunzi zimene anandionetsa, abale anga, mwini chinkhoswe ndi ankhoswe ake osasiyanitsika. Nkhope zonse zinali ngati zojambulidwa ndi makala pakhoma lonyowa. Ndalama anali atalandirako kale, ndipo anakabweza, manyazi ali pamwamba.

Anathamangira kwa ine chifukwa m'zaka za m'ma 1990 ndinali mmodzi mwa anyamata aja oyenda pa njinga, kamera ya filimu ili pakhosi, kuzungulira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Amene munalipo mukukumbuka. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ndipo wojambulidwa ankadikira mpaka filimuyo ithe, ipite kukatsukidwa, ibwere. Nthawi zina mwezi unkatha munthu asanaone nkhope yake, ndipo ikabwera atatsinzina, ndewu inali yanu. Ntchito imeneyo ndinaisiya kalekale, koma makamera sindinasiye kuwagwira. N'chifukwa chake ndati zimene ndinamuuza mphwanga ndikuuzeni nanunso, amalonda ndi ana asukulu, musanatulutse ndalama yanu.

Tiyambe ndi kumvetsa chifukwa chake msika wa makamera wadzaza ndi zinthu zopanda dzina. Kamera yoyamba ya digito yonyamulika m'manja anaipanga Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak, mu 1975. Inkalemera makilogalamu oposa atatu ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Patapita zaka, makamera anachepa mpaka kulowa m'thumba, aja Azungu amawatcha point-and-shoot, kutanthauza kuti n'kungolozetsa ndi kudina basi. Malinga ndi bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan lotchedwa CIPA, mu 2010 makampaniwo anatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni. Kenaka foni za m'manja zinabwera ndi makamera akeake, msika n'kugwa chagada. Mu 2023 chiwerengero chija sichinafike ngakhale 8 miliyoni. Kodak yomwe ija inapita kukhoti mu 2012 kukapempha chitetezo ngongole zitaikulira. Casio inasiya kupanga makamera a m'thumba mu 2018. Olympus inagulitsa nthambi yake ya makamera, imene kuyambira 2021 ili m'manja mwa kampani ina ndipo makamera ake tsopano amadziwika ndi dzina la OM System.

Ndiye tsono zaka zaposachedwapa achinyamata a kunja, kudzera pa TikTok ndi Instagram, anayambanso kukonda timakamera takale tija, ati zithunzi zake zimaoneka mosiyana ndi za pafoni. Ofuna achuluka, opanga achepa. Pamenepo mitengo ya makamera akale inakwera, ndipo m'mpata umene unatsalawo ndi mmene munalowa zinthu ngati chimene anagula mphwanga. Kuno kwathu onjezanipo kugwa kwa Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mudzaona kuti kamera si chinthu chogula kawiri.

Funso loyamba limene ndinamufunsa ndi lomwe ogulitsa safuna kuti mudzifunse: kodi foni yanuyo yalephera chiyani? Tisanamizane apa. Ngati ndinu wamalonda ndipo chimene mukufuna ndi kujambula nsapato, zitenje kapena makeke kuti muike pa WhatsApp makasitomala aone, sungani ndalama yanu, mukaonjezere mpamba. Tengani katunduyo, muike pafupi ndi windo kapena pakhonde pamthunzi, pukutani galasi la foni ndi kansalu koyera, jambulani. Foni zambiri za masiku ano zikhoza kupambana kamera yotchipa pa ntchito imeneyo, ndipo WhatsApp payokha kawirikawiri imafinya chithunzi pochitumiza, kaya chachokera mu kamera yodula bwanji.

Kamera imapambana foni pa zinthu zowerengeka. Imakoka chinthu chakutali popanda kuchiphwanya, zimene foni zotchipa sizitha. Fulashi yake ndi yeniyeni, yong'anima mwamphamvu, osati katochi ka pafoni. Ili ndi batire lakelake, choncho mukhoza kujambula tsiku lonse foni ili phee m'thumba, yosaimbidwa pakati pa malumbiro a ukwati. Palinso chinthu china chimene mabuku sanena koma ife ojambula timachidziwa: Mmalawi salipira munthu amene wamujambula ndi foni. Amati "unditumizire", nkhani yathera pomwepo. Mukatulutsa kamera, ngakhale yaing'ono, amakonza kolala n'kufunsa mtengo. Pa chifukwa chimenechi ndinavomereza kuti mphwanga akufunikadi kamera.

Tsopano nkhani ya 64MP ija. Mamegapikiselo ndi chiwerengero cha timadontho timene timapanga chithunzi, megapikiselo imodzi kukhala timadontho miliyoni imodzi. Chithunzi chija timatsukitsa cha mainchesi 6 ndi 4, choika mu alubamu, chimafuna timadontho 1800 m'litali ndi 1200 m'lifupi kuti chioneke bwino. Mukachulukitsa mupeza mamegapikiselo awiri ndi pang'ono. Awiri okha! Chithunzi chodzaza pepala lonse la A4, chopachika pabalaza, chimafuna osakwana 9. Ndiye 64 ndi ya chiyani kwa munthu wojambula zinkhoswe?

Chimene chimapanga chithunzi chabwino ndi kuwala, ndipo chimene chimalandira kuwalako m'kati mwa kamera ndi kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Ndinamufotokozera mphwanga motere. Sensa ili ngati denga la malata, kuwala kuli ngati mvula, mamegapikiselo ndi zitini zimene mwatchera pansi. Denga likakhala laling'ono, kuchulukitsa zitini sikuchulukitsa madzi, chitini chilichonse chimangolandira timadontho tochepa. Masana dzuwa lili phwee, mvula ndi yambiri, denga lililonse limakwanitsa. Koma madzulo m'holo ya mababu awiri, ngati mmene munali pa chinkhoswe chija, denga laling'ono limagwira manyazi, ndipo zithunzi zimatuluka zamchengamchenga.

Makamera ambiri a m'thumba, ngakhale a makampani odziwika, ali ndi sensa imene pa mapepala ake amalemba kuti 1/2.3. Kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 6 ndi 4.5, yosafika ngakhale pa njere ya chimanga. Mu 2012 Sony inatulutsa RX100, kamera ya m'thumba yokhala ndi sensa imene amaitcha ya inchi imodzi. Dzinalo ndi lokokomeza, chifukwa muyeso wake weniweni ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8, komabe bwalo lake ndi lalikulu pafupifupi kanayi kuposa ija ya 1/2.3. Canon nayo ili ndi mtundu wa PowerShot G7 X wa sensa yomweyo. Amenewa ndiwo makamera a m'thumba amene amalimba mtima kukada. Pamwamba pawo pali ena ngati Ricoh GR ndi Fujifilm X100 a sensa yaikulu kuposa apo, koma mitengo yake ndi yoti wamalonda wa mumsika akhoza kugula nayo katundu wodzaza benchi, ndiye tiwasiye apite.

Nanga kamera yopanda dzina ija 64MP inaitenga kuti? Zinthu zotere zimakhala ndi kasensa kakang'ono kotchipa, kojambula timadontho tochepa, kenaka kakompyuta ka m'katimo kamatambasula chithunzicho mpaka nambala ikwane. Ndi zomwe amachita wogulitsa mkaka wosakhulupirika: lita imodzi ya mkaka, malita anayi a madzi, botolo ladzaza. Ndinatenga nyuzipepala, ndinaimata pachitseko, ndinaijambula nditaima mapazi atatu, kaye ndi kamera ya mphwanga kenaka ndi foni yake yomwe. Titakuza zithunzizo, pa cha foni timawerenga nkhani, pa cha 64MP timangoona mizere yakuda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayeso amenewa ndi aulere, ndipo nyuzipepala imene mwagwirayi ikhoza kugwira ntchitoyo.

Bodza lachiwiri linali pa 16X ZOOM. Zumu ili pawiri. Yeniyeni, imene amalemba kuti optical zoom, ndi ija magalasi a lenzi amasuntha, lenzi n'kutuluka kunja ngati khosi la kamba, chinthu chakutali n'kubwera pafupi chili chakuthwa. Inayo, digital zoom, ndi kungodula pakati pa chithunzi n'kupakuza, zomwe foni iliyonse imachita mukatambasula ndi zala. Pa kamera ya mphwanga tinadina batani la zumu mpaka chala kuwawa, palibe chinasuntha. Bokosi likangoti zoom osatchula mawu oti optical, dziwani kuti pabisala kanthu.

Koma zumu yeniyeni nayo ili ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene wogula ayenera kusankha, chifukwa zonse pamodzi sizipezeka m'thumba limodzi. Makamera okoka patali kwambiri, monga mtundu wa Lumix TZ wa Panasonic umene ena amafika 30X, kapena Canon SX740 HS ya mu 2018 yofika 40X, amakwanitsa zimenezo chifukwa sensa yawo ndi yaing'ono ija. Ndi abwino pa mpira masana, kunyanja, kapena kujambula mwana wanu akulandira satifiketi inu muli mpando wakumbuyo. Kukada amavutika. Yang'anani manambala olembedwa mozungulira lenzi kutsogolo. Pa RX100 yoyamba ija palembedwa 1.8 mpaka 4.9, pa makamera ambiri okoka patali mupeza 3.3 mpaka 6.4 kapena chapompo. Nambala ikachepa ndiye kuti khomo lolowera kuwala ndi lalikulu. Lenzi ya 1.8 imalowetsa kuwala kopitirira katatu poyerekeza ndi ya 3.3. Nambala imeneyi ogulitsa saitchula, mwina chifukwa ndi yaing'ono ndipo siopsa m'makutu ngati 64.

Onetsetsaninso kuti kamera ili ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke dzanja likanjenjemera. Canon amalemba IS, Nikon amalemba VR, Panasonic O.I.S., Sony SteadyShot. Mukakoka chinthu chakutali popanda chimenechi, kupuma kwanu komwe kumaononga chithunzi.

Pali kabatani kena kamene ine ndimakaona kofunika kwa ife akhungu lakuda kuposa zonse zolembedwa pabokosi, kolembedwa chizindikiro cha kuphatikiza ndi kuchotsera. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kusankha pakatikati. Mukaimika munthu wakuda kutsogolo kwa khoma loyera, kapena pambali pa mkwatibwi wovala zoyera, kapena kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kamera imaona kuyera kwachuluka n'kuchepetsa kuwala, nkhope ya munthu n'kusanduka chithunzithunzi, kutsala mano ndi maso. Kabatani kaja kamakulolani kuonjezera kuwala pang'ono kuti nkhope ioneke. Njira ina ndi kuyatsa fulashi masana omwe, munthu akaima pamthunzi wa mtengo. M'masiku a filimu tinkaphunzira zimenezi ndi ndalama zathu, makasitomala akakana zithunzi. Kamera imene sikulolani kuchita ziwirizi musaigule, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake.

Poti makamera atsopano a mayina odziwika ndi osowa komanso odula, ambiri a ife tidzagula ogwiritsidwapo kale ntchito, obwera ndi anzathu a ku Joni, a m'makontena, kapena otumizidwa ndi achibale a ku Mangalande. Palibe cholakwika. Koma apa pali misampha iwiri imene yagwetsa anthu ambiri, batire ndi kadi.

Makamera ambiri a m'thumba ali ndi batire la mtundu wakewake, losalowa mu kamera ina. Batire likakalamba limafufuma ndipo silisunga moto. Litulutseni, muliike patebulo, mulizungulitse ndi chala: likazungulira ngati nguli ndiye kuti lafufuma pamimba, latha ntchito. Werengani nambala yolembedwa pabatirepo, mufufuze kaye ngati latsopano likupezeka, ndipo musachoke popanda chaja yake. Kamera yopanda chaja ndi chokongoletsera pa kabati. Kwa amene mumakhala kumene magetsi amazimazima, kapena mumapita kumudzi kawirikawiri, musanyoze makamera olowa mabatire wamba a AA, aja a mu wailesi yaing'ono. Makamera ambiri akale a Canon PowerShot A ndi Nikon Coolpix L anali otero, ndipo Kodak Pixpro FZ45 nayo imalowa AA awiri. Kungoti amadya mabatire ngati nkhumba, choncho gulani otchajanso.

Za kadi yosungira zithunzi, funani kamera yolowa kadi ya SD, imene imapezeka paliponse. Makamera akale a Olympus ndi Fujifilm ankalowa kadi yotchedwa xD, akale a Sony ankalowa Memory Stick, ndipo makadi amenewa lero mukhoza kuzungulira Limbe yense kapena msika wa Lilongwe osawapeza. Ngakhale pa SD pomwe pali kusiyana. SD yoyambirira imathera pa 2GB, SDHC imafika 32GB, kupitirira apo ndi SDXC. Kamera yopangidwa chisanafike chaka cha 2006 kawirikawiri imakana kadi yoposa 2GB, ndiye mudzagula kadi yaikulu yodula, kamera n'kumangolemba kuti kadi ndi yolakwika. Makadi achinyengo nawonso ali mbwee, olembedwa 64GB koma odzaza msanga n'kuyamba kumeza zithunzi. Gulani m'sitolo yopereka lisiti.

Loweruka lotsatira tinanyamuka ndi mphwanga, kadi yathu ya SD ili m'thumba, nyuzipepala m'khwapa. Ndalama imene inatsala inali yogula kamodzi kokha. Kamera ya sensa ya inchi imodzi tinaiona ndithu, koma titamva mtengo tinangoseka n'kupitirira. Tinagwirizana kuti ntchito za usiku azikana kaye. Zithunzi za tsiku lolandira madigiri, kaya ndi ku Great Hall ku Zomba kaya kwina kulikonse, zambiri zimajambulidwa panja masana, pa kapinga, makolo atavala zapamwamba. Pamenepo sensa yaing'ono ndi lenzi yabwino zimakwana.

Wogulitsa woyamba anakana kuti tiike batire, ati kamera ikatsegulidwa imatsika mtengo. Tinamutsanzika mwaulemu. Wachiwiri anali ndi kamera yooneka yatsopano, koma nditaunika m'lenzi ndi tochi ya foni ndinaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi nkhungu, imamera m'kati mwa magalasi kamera ikasungidwa pachinyezi, ndipo kuichotsa kumadula kuposa kamerayo. Ina inatulutsa lenzi mokakamira, ikulira ngati chigayo chathira mwala, chizindikiro choti mwalowa mchenga kapena inagwapo. Inanso tinajambula nayo khoma loyera titakoka zumu yonse, pachithunzi n'kuoneka kadontho kakuda pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndi fumbi la pa sensa limenelo, ndipo pa kamera ya m'thumba simungalipukute nokha. Mphwanga anayamba kutopa, ati amalume mukuchulutsa. Ndinamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso kuti changu chake chija ndi chimene chatiyendetsa padzuwa.

Chakumadzulo tinafika pa kaokala ka mnyamata wina wokonza mafoni, amene anatulutsa m'dirowa Panasonic Lumix TZ30, kamera ya mu 2012, yoperepeseka m'makona, chaja yake ili pomwepo. Mwini wake anatipatsa mpando n'kutiuza kuti tiyese mmene tingathere. Lenzi inatuluka mwakachetechete, zumu ya 20X inakoka chikwangwani cha tsidya la msewu mpaka tinawerenga nambala ya foni yolembedwapo, fulashi inang'anima, kadi yathu inalowa. Mphwanga anatembenuza kamerayo n'kuwerenga, nkhope n'kugwa.

"Amalume, 14 yokha? Ija inali 64."

Sindinamuyankhe. Ndinamata nyuzipepala pachitseko cha okala, ndinamuuza kuti ajambule yekha. Atakuza chithunzicho anawerenga mpaka timalemba ta pansi pa chithunzi cha nduna. Batire lokha ndi limene linazungulira patebulo, ndipo pa chifukwa chimenecho mnyamatayo anatsitsako mtengo, ine n'kulonjeza kuti latsopano ndigula ndine, ngongole yobweza akayamba kupeza.

Tili mu minibasi pobwerera, mphwanga anandinong'oneza kuti pali mtsikana wina wa chaka choyamba amene anaisirira kamera ya 64MP ija, ndipo akhoza kumugulitsa pa mtengo womwe iye anagulira, bokosi lili bwinobwino. Ndinamufunsa ngati mtsikanayo alibe amalume ake oti adzawalirire. Anakhala chete mpaka pa siteji.

Kabokosi kaja ndinakalanda. Kali kwathu, ndipo mdzukulu wanga wa zaka zisanu amajambulira nkhuku kuseri kwa nyumba. Mphwanga wajambulapo kale maphwando awiri a masana ndi gulu la kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo zithunzi za kwayayo anakatsukitsa, aliyense analipira chake. Chinkhoswe china cha madzulo anachikana yekha. Ndalama ya batire sanabwezebe, akuti ndidikire nyengo ya madigiri.